Foni Yonunkha Lubani

Amalume a Tu, monga tonse pa ntchito tinkawatchulira, anafa masana, dzuwa lili paliwombo, ife tonse tili m'tulo. Pakampani pathu mumzinda wa Taichung, pamene timapanga mabuleki a njinga, tikangomaliza kudya timazimitsa magetsi, kutseka makatani, aliyense n'kuika mutu pa desiki atadzifunditsa jekete. Nthawi imeneyo munthu akhoza kutulutsa mipando yonse mu ofesi, ife osamva kanthu. Ine ndiye ndimachita kutseka m'makutu ndi thonje, chifukwa mkonono wa abwana athu, Mayi Tang, umaboola ndi galasi lomwe la ofesi yawo.

Chimene chinatidzutsa tsiku limenelo ndi kulira kwa achemwali a Lai, amene amalongedza katundu pansi. Anawapeza amalume a Tu m'dzenje la chikepe cha katundu. Anali atagwa kuchokera kumwamba kwathu kuno, pa nsanjika yachitatu, pamene chitseko cha chikepecho chayang'anizana ndi masitepe. Ndinanyamula foni ya pa desiki panga kuti ndiitane ambulansi, koma inali yozima. Nditaiika kukhutu ndinayamba kutsokomola mpaka misozi, ndiye ndinaiponya n'kuimba pa foni ya m'manja.

Chitseko cha chikepe sichitseguka chokha. Ndipo munthu amene anayamba kuyang'anira nyumba yosungiramo katundu ine ndisanabadwe sangaponde m'dzenje ngati mlendo. Tonse tinkadziwa zimenezo, koma palibe amene anazitchula. Unali mwezi wachisanu ndi chiwiri, mwezi umene mizimu imamasulidwa kuti iyende pakati pa amoyo, ndipo apolisi asanafike n'komwe mawu anali atayamba kale kuyenda m'makona akuti amalume a Tu aitanidwa pa foni ndi malemu abwana Tang, mwamuna wa Mayi Tang, amene anamwalira chaka chatha. Ine ndinali ndi mantha angaanga, chifukwa mafoni onse a m'nyumba imeneyo ndinawalumikiza ndine.

* * *

Wapolisi wofufuza anali bambo woonda wa imvi, dzina lawo a Hsiao. Ankalankhula motsitsa mawu, ndipo pafupifupi funso lililonse ankaliyamba ndi "pepani". Chibadwire sindinamvepo "pepani" woopsa ngati wa bambo amenewa. Atazungulira pansi ananditengera m'kachipinda kathu kophikira tiyi n'kutseka chitseko.

Anandifunsa ntchito yanga. Ndinawauza kuti ine ndimagwira zonse zimene anzanga sazifuna: kugula mapepala, kuitana okonza zinthu zikawonongeka, ndipo mwezi uno kuchotsa mafoni akale n'kuika atsopano oyendera pa netiweki ya makompyuta. Mayi Tang sankafuna kuti ntchito yotere ichitike m'mwezi wa mizimu, koma makina a mafoni akale anali atapsa, ndiye panalibe kuchitira mwina. Foni iliyonse ndinkaitulutsa m'katoni, n'kuipatsa dzina ndi nambala ya mwini wake, kenako n'kulumikiza zingwe ziwiri kumbuyo kwake. Chingwe china chimachokera kukhoma, ndipo ndi chimene chimabweretsa moto ndi mawu. Chinacho chimangopitirira ku kompyuta ya pa desikipo.

"Pepani, a Yeh," anatero a Hsiao. "Ndiye foni ikalira, kagalasi kake kamaonetsa dzina la woimbayo?"

Ndinavomera.

"Foni ya pansi, ya malemu a Tu, ndaiona. Amene anaimba komaliza, nthawi yogona ija, dzina lake ndi Yeh Pei-ju."

Limenelo ndi dzina langa. Ndinalumbira kuti ndinali m'tulo, kuti foni yanga ndaipeza yozima, kuti amalume a Tu anali ngati bambo anga. Zinali zoona. Ine ndili ndi mphumu, ndipo mwezi umenewu, pamene khomo lililonse likuwotchera mizimu mapepala ngati nsembe, chifuwa changa sichiona mtendere. Amalume a Tu ndi amene ankandithamangitsira kutali ndi utsi, akundikalipira ngati mwana. Tsiku lina nditabanika pa masitepe anachita kundibereka, bondo lawo lovutalo likulira, ndipo kuyambira pamenepo ankasunga kabotolo kanga kena ka mankhwala a mphumu kopopera m'kamwa mu dirowa yawo pansi.

A Hsiao anamvetsera zonsezo osagwedeza ndi mutu womwe. Anangondiuza kuti ndiwaonetse kabotolo kamene ndimayenda nako. Nditakatulutsa m'thumba anakayang'anitsitsa.

"Za dzina lanu pa foni ija musauze munthu," anatero. "Ndipo musachoke pamaso panga. Dzuwa likalowa ndisanapeze wina, pepani, mupita nane."

* * *

Achemwali a Lai tinawapeza atakhala pa katoni, atafumbata kachithumwa kawo ka kukachisi. Mayi amenewa masiku onse amalankhula ngati akuitana munthu wa tsidya la msewu, koma atandiona ine kumbuyo kwa wapolisi anayang'ana pansi.

"Ine bwana ndinali nditagona apo, pa makatonipo. Foni inalira, a Tu anayankha. Basi."

"Pepani, ananena chiyani?"

"Makutu angawa ndi okalamba, bwana. Ine mawu sindinamve, ndisaname. Ndinangomva dirowa kutseguka, kenako mapazi, phaphapha, pa masitepe. Munthu wa bondo lija, kuthamanga chonchija! Ndinati nkhalambayi yalowa chiyani lero? Ndiye tulo tinandibanso. Podzuka ndikuti ndikatsegule chikepe, ndi zimenezo."

Anafunsidwa ngati wina anagwira foniyo apolisi asanabwere. Anakana kwamtuwagalu. Anati atangoona mtembo anathamanga kukaivundikira ndi thaulo lawo la thukuta, n'kukhala pompo pansi pake, ndipo ngakhale ntchentche sinatere pa foniyo mpaka a Hsiao eni ake atavundukula. Chifukwa chimene anaivundikirira sananene. Anangoti foni imene yaitana munthu ku imfa siyenera kukhala maso ali pamtunda.

"Nanga zoti anaimba ndi malemu abwana, mwazimva kwa ndani?"

"Kwa abwana aakazi. Anatsika kuno akulira, akuti mwamuna wanga watenga wantchito wake."

Tikutembenuka kuti tizipita, achemwali a Lai anagwira malaya a wapolisiyo n'kuloza mulu wa makatoni umene unali pakona, womangidwa ndi chingwe chofiira. Anati amenewo ndi mabuleki oyenera kupita ku doko, koma amalume a Tu anakana kuwakweza mu lole chifukwa anawapeza ndi ming'alu, ngakhale a Chien, oyang'anira ubwino wa katundu, anali atawadinda kuti ali bwino. Awiriwo anakangana, zitseko zili zotseka. Amalume a Tu anati nkhaniyo adzaitula kwa Mayi Tang mwambo wopereka nsembe pakati pa mwezi ukangodutsa, chifukwa mikangano sabwera nayo pamaso pa mizimu.

"Koma ine sindinanene kanthu, bwana," anatero achemwali a Lai. "A Chien ndi mlongo wawo wa abwana aakazi. Ine ndili ndi ana."

Ine sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Ndikukwera masitepe ndinkaganiza kuti nawonso akundiyesa wakupha, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa mawu a wapolisi.

* * *

Mayi Tang anali ataleka kulira n'kudzolanso milomo. Mayi amenewa sayankha mafunso, amapereka malamulo. Anauza a Hsiao kuti nkhaniyi si ya apolisi, ndi ya ansembe a kukachisi, ndipo anali atawaimbira kale.

"Mwamuna wanga ndi Tu anayambira limodzi kampaniyi m'kashedi ka malata," anatero. "Kumeneko wasungulumwa, waitana mnzake. Inu mukufuna kumanga ndani, mzimu?"

"Pepani, mayi, mukudziwa bwanji kuti anaimba ndi iwo?"

"Mlongo wanga, Chien Wen-lung, anatsika pansi n'kuona ndi maso ake nambala ya mwamuna wanga pa foni ya Tu. Kodi Wen-lung angandinamize ine?"

A Hsiao anandiyang'ana pang'ono ndi diso la m'mbali, ine n'kuluma mlomo. Kenako anapempha kuona chipinda cha malemu. Mayi Tang anati chipindacho sakiya, chifukwa mwini wake ayenera kulowa ndi kutuluka mmene akufunira, koma palibe wamoyo amene amalowamo kupatula iwo ndi amalume a Tu, amene ankayatsamo lubani m'mawa uliwonse. Chitseko chake chili kumbuyo kwenikweni kwa mpando wanga.

Apa ndiyenera kufotokoza za foni ya malemu. Pamene ndinkaika mafoni atsopano, Mayi Tang anati mwamuna wawo sangasiyidwe pa foni yakufa pamene ndi mlonda yemwe walandira yatsopano. Anakagula foni ya pepala kwa amisiri opanga zinthu zowotchera akufa, yofanana ndendende ndi zathuzi, yoti idzawotchedwe pa tsiku la nsembe. Koma pepala lokha silinawakwanire. Anandilamula kuti ndikoke chingwe chenicheni kuchokera kukhoma la m'chipindamo mpaka pa desiki, n'kuchilowetsa kumbuyo kwa foni ya pepalayo. Ndinatero, chifukwa Mayi Tang satsutsidwa. Kenako anasonkhanitsa ogwira ntchito onse pakhomo la chipindacho n'kulengeza kuti abwana alumikizidwa, ndipo nambala yawo ndi yomwe ija ya kale. Anthu anawerama, ine n'kuwerama nawo.

Titangotsegula chitseko fungo la lubani linandigwira pakhosi, ndinayamba kutsokomola. Chifuwa chomwe chija, kuyabwa komwe kuja kumene ndinamva nditaika foni yanga kukhutu podzuka. Ndinaima chilili pakhomopo.

Foni ya pepala inali itakankhidwira m'mbali, pafupi ndi chithunzi cha malemu, kumbuyo kwake kutang'ambika. Chingwe chija chinali pachokha pa desiki. Ndipo pa phulusa la lubani, limene limagwa pa desikipo tsiku ndi tsiku osapukutidwa, panali timadontho tinayi toyera, tokhala ngati mapazi a chinthu chimene chinaikidwapo n'kuchotsedwa.

Mayi Tang anagwira pakamwa. Anati mwamuna wawo wang'amba foni pofuna kuimba. Ine ndinangokoka dzanja la a Hsiao n'kuwalozera desiki yanga.

* * *

A Hsiao anaitembenuza foni yangayo ndi mpango, osaigwira ndi manja. Timiyendo take tinayi ta labala tinali totuwa ndi phulusa. Kumbuyo kwake zingwe zinali zosinthanitsidwa, cha kukhoma chili pa bowo la kompyuta, cha kompyuta chili pa bowo la kukhoma. N'chifukwa chake inali yozima, moto sunkaifika. Choikira kukhutu chinkanunkhabe lubani.

Pamenepo ndi pamene mantha enieni anandigwira, oposa aja a ku polisi. Ine ndimagona tsaya lili pa mkono, mphuno itatsala pang'ono kukhudza foniyo. Munthu anabwera mumdima uja n'kuima pamutu panga, n'kuzula zingwe pafupi ndi nkhope yanga, n'kupita nayo. Kenako anabweranso, mwina manja ake atangochoka kumene pamsana pa amalume a Tu, n'kuweramiranso pa ine, akupumira pa jekete yanga. Ndikanangoti ndisunthe mutu, ndikanamuona. Ndipo akanadziwa kuti ndamuona. Ndinakhala pansi.

"Pepani," anatero a Hsiao, "koma zonsezi mukanatha kuchita nokha. Desiki ndi yanu, chitseko chili kumbuyo kwanu."

"Bwana, ine ndalumikiza mafoni onse a m'nyumba muno. Ndingasinthanitse zingwe ine? Ngakhale mutandimanga m'maso sindingatero. Ndiponso ndikanapitiranji m'chipinda muja? Dzina langa limayenda ndi foniyi. Muipititse pa denga, muipititse kuchimbudzi, bola pali chingwe cha netiweki, ikaimba idzati Yeh Pei-ju."

A Hsiao anakhala pa desiki ya mnzanga n'kundiuza kuti ndibwereze, pang'onopang'ono. Ndinawafotokozera kuti pa mafoni akale nambala inali ya khoma. Ukatenga foni iliyonse n'kuilumikiza m'chipinda cha abwana, inkasanduka foni ya abwana, ndipo anthu pano ankachita zimenezo kwa zaka zambiri foni ina ikawonongeka. Pa atsopanowa nambala imakhala m'kati mwa foni momwemo, khoma limangopereka njira. Nambala ya malemu sinalembedwe mu foni iliyonse, chifukwa pepala silisunga nambala.

Anafunsa kuti amene sadziwa zimenezi ndi ndani. Ndinawauza kuti ndinazifotokoza pa msonkhano, koma akuluakulu onse ankangogwedeza mitu akusenda zipatso. Anafunsanso chifukwa chimene munthuyo anatengera yanga osati yake. Ndinawaonetsa pansi pa madesiki ena. Zingwe zonse ndinazimanga zolimba ndi timalamba ta pulasitiki, kuti anthu asamazikoke ndi mapazi, ndipo foni siingachoke popanda sizasi. Yanga yokha ndinaisiya yomasuka chifukwa ndinkainyamula poyesa makhoma.

"Ndiye munthu ameneyu," anatero a Hsiao, ngati akulankhula okha, "sankafuna kukunamizirani inu. Ankafuna kunamizira wakufa." Anaimirira n'kukonza jekete. "Tiyeni tikamwe tiyi kwa a Chien. Tengani sizasi yanu."

* * *

A Chien anatilandira ngati alendo a ukwati. Bambo amenewa ndi aulemu kwambiri moti umachita manyazi kuwada. Malaya awo sakwinyika, makalata a pa kompyuta amachita kuwasindikizira pa pepala, ndipo foni yatsopano atailandira anangoti foni ndi foni, mwana wanga. Anatsuka timakapu ndi madzi otentha, kuthira tiyi, n'kupereka kwa wapolisi ndi manja awiri. Ine anandipatsanso, akumwetulira. Ndinayang'ana manja amenewo, n'kuika kapuyo pa tebulo osamwa.

Anati nthawi yogona anali pa mpando wawo, thaulo lonyowa lili kumaso, monga mwa masiku onse. Za mabuleki anati inali nkhani yaing'ono ya pa ntchito, a Tu anali atakalamba, maso ankawanamiza. Anapukusa mutu mwachisoni.

"Ine bwana sindine munthu wa zamizimu. Ndinaphunzira za uinjiniya. Koma zimene ndinaona lero zandisokoneza. Nditamva kulira ndinathamangira pansi, ndinayang'ana pa foni ya a Tu, ndipo nambala ya alamu anga inali pamenepo."

"Pepani, munaiona ndi maso anu?"

"Ndi maso angawa, monga ndikukuonerani inu."

A Hsiao anamwa tiyi wawo mpaka kumaliza. Kenako anati iwonso sakhulupirira mizimu, koma akufuna aione nambala imeneyo, ndipo popeza a Chien ndi a m'banja, malemu sangakwiye ngati atalowa m'chipindamo ndi iwo. Anapempha kuti a Chien anyamule foni yawo, akailumikize pa chingwe cha malemu, aimbire foni ya pa desiki ya Mayi Tang.

Ndinagwada pansi pa desiki yawo kuti ndidule timalamba tija. Nsapato zawo zinali pafupi ndi tsaya langa, zakuda, zopukutidwa bwino.

Anthu onse a mu ofesi anali ataimirira, ndipo achemwali a Lai anali atakwera n'kuima pakhomo la masitepe. A Chien analowa m'chipinda cha malemu, kuwerama pamaso pa chithunzi, n'kuika foni pa desiki. Analowetsa chingwe. Mafoni amenewa sadzuka msanga, amayamba aphethira timagetsi kwa kanthawi, ndipo aliyense amene ndinamupatsa yake koyamba ankaidinadina n'kumandiitana kuti yafa. A Chien sanadine kanthu. Anapinda manja kumbuyo n'kudikira ngati munthu wodziwa kutalika kwa ulendo. Ndinaona kuti a Hsiao nawonso aona.

Foni itadzuka anaimba. Mu ofesi ya galasi foni ya Mayi Tang inalira, ndipo ngakhale ine, wodziwa zonse, tsitsi linandiima. Mayi Tang anaiyandikira pang'onopang'ono, atagwira pamtima. Anawerama kuti awerenge.

"Ikuti Chien Wen-lung," anatero.

A Chien anatuluka m'chipindamo akuseka pang'ono. Anati mtsikanayu wasokoneza makina, chifukwa khoma limenelo ndi la alamu awo, aliyense anamva tsiku lija. Anapita okha kukayang'ana kagalasiko. Ndinaona khosi lawo likufiira kuchokera m'kolala.

"Pepani, a Chien," anatero a Hsiao. "Mutatsika pansi paja, thaulo munalivundukula nokha kapena anakuvundukulirani a Lai?"

"Thaulo lanji?"

"Anthu inu, bambo awa pa foni paja sanafikepo," anatero achemwali a Lai ali pakhomo, mawu awo akale atabwerera. "Anaima patali, pafupi ndi lole, mpango uli pamphuno. Ine ndinali pansi pa foniyo ngati nkhuku pa mazira."

A Hsiao anafotokoza modekha, ngati akuwerenga za nyengo. Foni ya a Tu sinaonetse nambala ya malemu, ndipo sikanatha kuionetsa. Koma kuimbako kunachokeradi m'chipinda cha malemu, phulusa likuchitira umboni. Munthu mmodzi yekha m'nyumba muno ankadziwa zimenezo chitseko chisanatsegulidwe, ndipo anali wotsimikiza kwambiri za nambala imene ituluke moti sanavutike n'kukayang'ana komwe. Anaimba osalankhula, podziwa kuti a Tu akaona nambala ya mnzawo wakufa akwera okha kudzaona m'chipindamo, ndipo njira yake ndi yodutsa pa chitseko cha chikepe, chimene woimbayo anachitsegula n'kuwakankhiramo.

A Chien anayang'ana mlongo wawo. "Achemwali," anatero, "mabuleki aja akanabwezedwa, kampani ya alamu ikanatha. Ine ndimateteza inu."

Mayi Tang sanakuwe. Anadutsa pakati pathu n'kulowa m'chipinda cha mwamuna wawo, n'kuzula chingwe ku foni ya mlongo wawoyo. Anaitulutsa atainyamula patali ndi thupi, n'kuiika pansi pa mapazi a wapolisi.

"Wagwiritsa ntchito dzina la mwamuna wanga kuphera mnzake," anatero. "Usadzanditchulenso kuti achemwali."

* * *

Apolisi atawatsitsa a Chien pa masitepe omwewo, ine ndinatsala pa desiki yanga yopanda foni, chifukwa apolisi anaitenga. Ndinkayembekeza kuti ndimva kupepuka, koma sizinatero. Chinthu chimodzi sichinkandichoka m'mutu. Amalume a Tu sanaone nambala ya malemu. Nanga ankathamangira chiyani, ndi bondo lija?

A Hsiao anabwerera kudzandiuza kuti ndine womasuka, ndipo ulendo uno sanayambe ndi "pepani". M'dzanja anali ndi kathumba ka pulasitiki. M'kati mwake munali kabotolo kopopera m'kamwa, kophwanyika mbali imodzi, dzina langa litalembedwa pa kapepala ndi dzanja la amalume a Tu. Anati anakapeza m'dzanja la malemu, atakafumbata kolimba moti anavutika kukachotsa, ndipo poyamba ankaganiza kuti anakalanda kwa ine polimbana.

Achemwali a Lai anakoka mpando n'kukhala pafupi nane. Tsopano anandiyang'ana m'maso.

"Ndinanama, mng'ono wanga. Mawu ndinawamva onse. Ndinaopa kuti ndikatchula dzina lako akumanga, n'chifukwa chake ndinavundikira foni ija." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "A Tu anayankha, anati halo, halo, kuli zii. Ndiye anayang'ana pa kagalasi paja n'kunena kuti, ndi mwana uja, sakutha kulankhula, chifuwa chamugwira. Anatsegula dirowa n'kuthamanga."

Panja wina anali atayamba kuwotcha mapepala a mizimu, ndipo utsi unkalowa pa zenera la ku masitepe. Chifuwa chinayamba kundithina. Ndinadikira kuti wina andikalipire kuti ndichoke pa utsi, koma mu ofesi monse munali chete.